Mfuu wa Nkhanga ndi mluzu wa Gwape

Padangokhala. M'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe, kumtunda kwa mlatho wa pamsewu wochokera ku Nathenje kupita ku Dedza, munali mudzi wa nyama zolima. Madzi otsika ku Dzalanyama ankanyowetsa madimba azo, ndipo zikakolola zinkamanga nkhokwe pamalo amodzi. Ya Gwape apa, ya Nungu apo, kankhokwe ka Fulu pakati.

Chaka china chimanga chinayamba kuchepa usiku. Mfumu Njati inaitanitsa msonkhano.

"Tipeze mlonda," inatero mfumu.

Nkhanga anadumphira pakati pa bwalo. "Mlonda ndine, mfumu. Maso angawa saphonya, ndipo mawu anga amamveka mpaka ku Mitundu."

"Tizikulipira bwanji?"

"Mfuu uliwonse, chikho cha mawere."

Onse anaomba m'manja. Fulu anatulutsa mutu pang'onopang'ono. "Pepani mfumu, chikhocho ndi cha mfuu kapena cha wakuba wogwidwa?" Koma pomwe ankamaliza funso lake, bwalo linali litabalalika kale.

Anammangira Nkhanga chilindo pachulu. Usiku woyamba, anzake asanatenthetse n'komwe mphasa, kunamveka: "Wakubaaa!"

Mudzi wonse unadzambatuka. Wina mpini, wina nkhwangwa, wina muuni wa udzu.

"Ali kuti?"

"Ndamva kuti phu, kuseri kwa nkhokwe."

Anaunika. Linali bango lakupsa lagwa mumtengo.

"Komabe ndakuwa," anatero Nkhanga. "Chikho changa."

Anampatsa. Usiku wotsatira anakuwa katatu: mphepo ya mwera inagwedeza udzu wa padenga, mwana wa Nungu anatuluka kukataya madzi, ndipo mbandakucha Gwape mwiniwake anabwera ndi kalichero kudzatapa chimanga cha kuchigayo. Zikho zitatu. Nkhanga anaona kuti malonda ndi amenewa. Tsamba likagwa, mfuu. Chule akadumpha, mfuu. Mtambo ukaphimba mwezi, mfuu. Kukakhala zii kwa nthawi yaitali ankakuwabe, nkumati bata lotere ndi lokayikitsa. Anayamba kunenepa, nthenga zinasalala, mpaka anamanga nkhokwe yakeyake ya mawere.

Anzake m'mudzi anafooka. Gwape ankasinza atagwira khasu. Tomato wa Nungu anafota chifukwa mwini wake ankagona pachitsime, chitini chothiririra chili m'manja. Mfuu ukamveka, akazi a Nungu ankangotembenuka nkuti, "Ndi a Nkhanga awo, bambo. Gonani." Ena anafika potseka makutu ndi thonje.

Tsidya la Dedza, mumkuyu waukulu, munkakhala Nyani. Iye sankagona. Ankawerenga miuni. Poyamba inkatuluka yambirimbiri. Kenako isanu. Kenako iwiri. Tsiku lina mfuu unamveka, muuni sunatuluke ndi umodzi womwe. Nyani anaseka, natenga thumba, nawoloka.

Nkhanga anamuona bwinobwino, mchira ndi thumba lomwe. "Wakubaaa! Wakubaaa!" Anakuwa mpaka kukhosi kunauma. Nyani anatapa mosafulumira, anamanga thumba, anapereka moni kwa mlonda, nkumapita.

Kutacha Nungu anapeza nkhokwe yake ili pakati.

"Ndinakuwa ine!" anatero Nkhanga.

"Unakuwa kangati usiku wathawu?" inafunsa mfumu.

"Kakhumi ndi kawiri, mfumu. Ndipo zikho zake sindinalandire."

Nungu anaimika minga yonse, anachita kumugwira.

Pamsonkhano wachiwiri anagwirizana zina. Mwini nkhokwe aliyense akhale ndi mluzu wakewake, wodziwa iye ndi mlonda basi. Woimba mluzu woyenera adutse. Wopanda mluzu yekha ndiye akuwiridwe. Fulu anatulutsanso mutu. "Nanga mluzuwo wina akauba?" Anamuseka. Mluzu amaba ngati nkhuku?

Mudzi unagona tulo tokoma. Nkhanga yekha ndiye ankang'ung'udza, poti zikho zinasiya kubwera.

Masana ena Gwape akuthirira kabichi kudimba, anamva mawu aulemu kuchokera m'bango la m'mbali mwa madzi.

"Odi, a Gwape! Ndine nyakwawa ya mfumu. Tikulemba miluzu yonse mwatsopano. Amene saimba wake lero, nkhokwe yake itsekedwa."

"Bwanji simukuonekera, achimwene?"

"Ndatitimira m'matope, musandione chonchi. Fulumirani, ndili ndi makomo ambiri."

Gwape anaimba. Mawu aja anati sanamvetse bwino, ndipo Gwape anaimbanso kachiwiri, momveka.

Patapita masiku ochepa kunabwera uthenga wa maliro a alamu ake a Gwape ku Mitundu, kufupi ndi phiri la Bunda. Banja lonse linanyamuka dzuwa litapendeka. Usiku womwewo pankhokwe panamveka mluzu wa Gwape. Nkhanga anatsegula diso limodzi, natsekanso. Matumba awiri anawoloka Diamphwe.

Usiku wachiwiri Fulu anasowa tulo, nakwawira kuchulu kukakhala pansi pa chilindo. Pakati pa usiku mluzu uja unamvekanso.

"Mdzukulu wanga, ndani ameneyo?"

"Ndi a Gwape, gogo. Mluzu ndi wawo."

"A Gwape sali kumaliro ku Mitundu?"

"Ali kumeneko. Koma mluzu ndi wawo."

"Amatapa nthawi yanji a Gwape?"

"Mbandakucha, tsiku lopita kuchigayo."

"Amatapira m'chiyani?"

"M'kalichero."

"Uyu wanyamula chiyani?"

Nkhanga anasuzumira. "Matumba atatu, gogo."

"Wachokera mbali iti?"

"Kumtsinje. Miyendo yake ikudontha madzi."

"Nyumba ya a Gwape ili kumtsinje?"

Nkhanga anakhala chete. Zonsezi ankazidziwa kalekale. Miyezi yonse ija ali pachilindo anaona amene amabwera, nthawi yake, njira yake ndi chotengera chake. Kungoti palibe chimene chinkalowa mu mfuu wake, poti chikho sichinkafunsa zimenezo.

Anakoka mpweya kuti akuwe mwa masiku onse, koma Fulu anamugwira mwendo. "Ukangoti wakuba, atembenuka nkugonanso. Nena zimene waona."

Nkhanga anakuwa: "Nkhokwe ya a Gwape! Eni ake ali kumaliro! Matumba atatu, wolowera kumtsinje! Tsekani powolokera!"

Akazi a Nungu anakhala tsonga. "Bambo, dzukani. Uwu si mfuu uja." Zitseko zinatseguka. Palibe anataya nthawi kuunika kuseri kwa nkhokwe iliyonse. Onse anathamangira kudooko. Nyani anawapeza atamudikira, thumba lili pamutu, madzi ali m'mawondo.

Inu amene mukumva nthanoyi, foni ili m'thumba mwanumo ili ndi nkhokwe yake. Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba, za kubanki, ngakhale mayina a m'kaundula wa boma, zimasungidwa m'makompyuta olumikizana, ndipo makompyutawo ali ndi alonda awo: mapulogalamu amene amaliza chenjezo akaona chachilendo. Machenjezo akachuluka, akatswiri oyang'anira amatopa nawo monga anatopera a Nungu. Mu 2013 akuba analowa m'makompyuta a sitolo za Target ku America pogwiritsa ntchito mawu achinsinsi a kampani ina yomwe inkagwira ntchito ya makina oziziritsa ndi kutenthetsa m'nyumba. Pulogalamu yolondera inaliza chenjezo, koma silinatsatidwe msanga, ndipo manambala a makadi a kubanki pafupifupi 40 miliyoni anabedwa. Kwathu kuno lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA kuti lizithandiza zotere zikagwa, ndipo zimagwadi: mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta opangira mapasipoti analowedwa ndi akuba ofuna dipo. Amene amakonza alonda a makompyutawa masiku ano amawaphunzitsa mafunso a Fulu omwe aja. Mwini akauntiyi amalowa nthawi yanji? Amalowera pa foni kapena kompyuta iti? Angalowe ali ku Lilongwe, pakangotha mphindi khumi nkulowanso ali kutsidya la nyanja? Kompyuta yakhudzidwayo imasunga malipiro a antchito, kapena ndi ya alendo pakhomo? Mayankho ake akamangiriridwa ku chenjezo, katswiri amadziwa loyamba kulithamangira ndi loti lidikire kuche.

Gwape atabwerako kumaliro, mlandu unazengedwa pansi pa mtengo wa kachere. Nyani anamulamula kubweza matumba onse, kuphatikiza kulima dimba la Nungu mpaka tomato apse. Gwape anapatsidwa mluzu watsopano, nalumbira kuti sadzaimbiranso mawu opanda nkhope.

Kenako Nkhanga anabwera ndi chikho chake.

"Mfuu umodzi, mfumu. Chikho chimodzi."

"Wa usiku uja tikupatsa dengu lathunthu," inatero mfumu. "Koma nkhokwe yako ya mawere ija uigawe. Theka lipite kwa a Nungu."

Nkhanga analira, koma anagawa. Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likamalowa, ankayamba wazungulira makomo asanakwere pachilindo, Fulu akukwawa pambuyo pake.

"Odi kuno! Alipo ali pa ulendo? Mawa wopita kuchigayo ndani?"