Foni Yokonzedwanso: Nzeru Kapena Kutaya Ndalama?

Nyengo yokolola ikafika ku Ludzi, m'boma la Mchinji, ndalama zimayamba kuoneka m'matumba mwa anthu. Mtedza, soya ndi fodya zikagulitsidwa, banja limakhala pansi kuwerengera zosowa zake: malata, feteleza wa chaka chamawa, fizi ya ana, ndiponso foni. Masiku ano foni ndi chida cha ntchito. Mlimi amafunsira pa foni mitengo ya mbewu ku Lilongwe. Kholo limatumizirapo ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Mayi amamverapo mawu a mwana wake amene adapita kukafuna ntchito ku Johannesburg. Koma foni yamakono yatsopano ndi yokwera mtengo, makamaka kuchokera pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake ambiri amatembenukira ku foni zokonzedwanso, zomwe ndi foni zimene wina adagwiritsapo ntchito, amisiri n'kuzikonza ndi kuzigulitsanso pa mtengo wotsikirapo. Kodi munthu wogula foni yotere wachita mwanzeru kapena wataya thukuta lake?

Otsutsa amati tsabola wakale sawawa, ndipo mfundo zawo n'zomveka. Choyamba ndi batire. Batire la foni limafooka pang'onopang'ono nthawi iliyonse likatchajidwa. Kampani ya Apple idanena yokha kuti batire la iPhone 14 ndi foni zake zina za m'mbuyomo lidapangidwa kuti lisunge 80 peresenti ya mphamvu zake likatchajidwa modzaza ka 500. Kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku, imeneyi ndi nthawi yosakwana chaka ndi theka. Kumudzi kumene ambiri amadalira sola kapena amalipira kuti atchajitse pa golosale, batire lofooka limasanduka msonkho wa tsiku lililonse. Chachiwiri ndi ukalamba wa mapulogalamu. Mu Okutobala 2023, WhatsApp idaleka kugwira ntchito pa foni za Android zakale kuposa 5.0. Amene adali ndi foni zotere adatsala ndi chipangizo choyaka bwinobwino koma cholephera ntchito imene adachigulira. Otsutsawa amawonjeza kuti foni zatsopano za Tecno ndi Itel zilipo pa mtengo wofikirika, choncho palibe chifukwa chogulira mavuto a munthu wina.

Ovomereza nawonso ali ndi mawu. Iwo amakumbutsa kuti Mmalawi sadazolowere kutaya chinthu chimene chikadali ndi moyo. Njinga ikathyoka sipoko imapita kwa mmisiri, ndowa ikabooka imamatidwa, ndipo khasu likaguluka limaikidwa mpini wina. Pa msika wa Kamwendo anthu olemekezeka amasankha zovala pa kaunjika popanda manyazi, podziwa kuti jekete yovalidwapo ikhoza kulimba kuposa yatsopano yosokedwa mwachinyengo. Foni ya mtundu wolimba ikaikidwa batire latsopano imatha kutumikira zaka zina zingapo.

Palinso mfundo yokhudza dziko lonse lapansi. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 lidaonetsa kuti mu 2022 anthu adataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndizo zidatoledwa ndi kukonzedwa m'njira yoyenera. Komanso batire la foni limafuna mwala wotchedwa cobalt, umene wambiri umakumbidwa m'dziko la Congo. Mu 2016 bungwe la Amnesty International lidaulula kuti ena mwa ogwira ntchito m'migodi ing'onoing'ono ya kumeneko adali ana. Motero foni imene yatalikitsidwa moyo imachedwetsa kukumba kwina ndiponso imachepetsa zinyalala. Wogula foni yokonzedwanso alibe chifukwa chochitira manyazi pamaso pa anzake.

Mbali ziwirizi zikukangana za chipangizo, pamene gwero la nkhaniyi lili pa anthu awiri amene akusinthana ndalama ndi katundu. Dzina loti foni yokonzedwanso limaphimba zinthu zitatu zosiyana. Pali foni imene mmisiri waitsegula, waiyesa, wasintha zowonongeka, ndipo wogulitsa akunena poyera zaka zake ndi zilema zake. Pali ina imene yangopukutidwa ndi kuvekedwa chikuto chonyezimira, pamene m'kati mwake mudalowa madzi kalekale. Ichi ndicho chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye pali yachitatu, imene idasololedwa m'thumba la munthu pa depoti kapena pa maliro. Zitatuzi zikaikidwa pa tebulo limodzi zimaoneka zofanana. Chozisiyanitsa ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo aidziwa ndi wogulitsa yekha. Choncho wogula foni yakale amagula zinthu ziwiri pamodzi: chipangizo ndi mawu a wogulitsa. Mawuwo akakhala abodza, ngakhale mtengo utatsika chotani, ndalamayo yatayika.

Apa ndipo pali udindo wa wogulitsa. Iye adziwa zimene wogula sangathe kuona, ndipo kudziwa kumeneku ndi mphamvu. Kubisa chilema kwa mlimi amene wabwera ndi ndalama ya matumba a mtedza wake n'chimodzimodzi kumubera, kungoti wobedwayo amachoka akuthokoza. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, koma lamulo limafika mochedwa, munthu atalira kale. Chimene chimafika msanga ndi chikumbumtima. Wamalonda amene amanena kuti batire ili ndi lakale, napereka lisiti ndi masiku oti katundu abwezedwe akavuta, amataya phindu pang'ono lero koma amapeza dzina limene lidzamudyetsa zaka zambiri.

Wogula nayenso sali wopanda udindo. Mchinji ndi boma la m'malire. Kudzera pa chipata cha Mwami anthu ndi katundu amayenda pakati pa Malawi ndi Chipata tsiku lililonse, ndipo foni imatha kudutsa m'manja ambiri isanafike kwa mwini watsopano. Foni yodula ikamagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, yopanda bokosi, tchaja kapena lisiti, mtima wa munthu umadziwa kale chimene chachitika. Mtengowo watsika chifukwa wina adalipira kale ndi misozi. Kusafunsa poopa yankho sikuyeretsa munthu, ndipo kulandira katundu wodziwika kuti ndi wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Kufunsa sikovuta. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene imaoneka munthu akaimba *#06#. Wogula angaiyerekeze ndi imene ili pa bokosi, napempha kuti ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi dzina la wogulitsa. Wogulitsa woona sakwiya ndi pempho lotere.

Wina anganene kuti mafunso otere ndi a anthu olemera, pakuti wosauka amangotola chimene thumba lake lakwanitsa. Koma wosauka ndiye woyenera kufunsa koposa, popeza sangathe kugula kawiri. Foni ikafa patatha mwezi, kapena apolisi akailanda ngati umboni, wolemera amagula ina mawa lake, pamene mlimi amadikira kukolola kwa chaka china. Komanso mudzi umene umagula zakuba umaweta akuba, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Funso lotsiriza wogula ayenera kudzifunsa yekha: foniyi akuifuniranji? Achinyamata ena amasiya foni yatsopano yokwanira ntchito zawo, nathamangira yakale yofooka chifukwa cha dzina lotchuka limene lili kumsana kwake. Otere agula maso a anzawo, ndipo maso a anthu sakhalitsa pa chinthu chimodzi.

Tsono yankho ndi lakuti foni yokonzedwanso ndi yoyenera kugula pamene mbiri yake yanenedwa moona, pamene ili yokwanira ntchito imene ikufunidwa, ndiponso pamene palibe munthu amene akuilira kwina. Zitatuzi zikakwanira, wogulayo wasunga ndalama zake ndipo wathandiza dziko. Chimodzi chikasowa, kuli bwino kubwerera kunyumba ndi ndalama m'thumba, kudikira tsiku lina la msika. Makolo adanena kale kuti safunsa adadya phula.