Kangachepe wa Padoko

Tikamva mawu akuti katangale maganizo athu amathamangira ku Capital Hill. Timakumbukira Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zambiri zitalipidwa kwa makampani omwe sanapereke katundu aliyense. Tinakwiya, ndipo kunali koyenera. Koma lero tiyeni tiyang'ane padoko pathu pomwe.

Akuluakulu athu amakumbukira nyanja ya Malombe ili yodzaza ndi chambo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chinali chitatha, ndipo mu 1993 munakhazikitsidwa makomiti a m'madoko, ma BVC, kuti asodzi eni ake aziteteza nyanja yawo. Malamulo alipo. Pali nyengo yotseka kuti nsomba ziswane, ndipo ukonde wa maso ang'onoang'ono ndi woletsedwa.

Tsono taganizani mwini nkacha amene wagwidwa nyengo yotseka. Akuyandikira wapampando wa komiti, amene mwina ndi mlamu wake, n'kumupatira kangachepe kapena ndowa ya kambuzi. Wapampandoyo ali ndi mwana wofuna fizi. Ndalamayo ndi yochepa, sangagule nayo ngakhale njinga. Kodi tingamuyerekeze ndi a Cashgate aja?

Ine ndikuti inde, ngakhale zimandiwawa kutero. Onsewa agulitsa chinthu chomwe anangosungitsidwa. Wina wagulitsa mankhwala a m'chipatala, winayu wagulitsa nsomba za chaka chamawa, ndipo oberedwawo sali pamalopo kuti adandaule. Mwini nkachayo nayenso asadzitche wanzeru pabizinesi: mawa lake anzake onse amadziwa mtengo wa lamulo, ndipo amene amamvera nyengo yotseka amayamba kuoneka wopusa.

Pachilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'miyezi ya dzinja, ndipo mowa ndi juga n'zoletsedwa. Mwambowu wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Asodzi akumeneko si angelo ayi, njala imawapweteka ngati ife. Koma lamulo lotere likanafa kale likanakhala kuti limagona pamene wolakwa ali wachibale wa mtsogoleri.

N'chifukwa chake Bahá'u'lláh anaika kukhulupirika patsogolo kwambiri pa moyo wa anthu onse, amalonda ndi olamula omwe. Ena mwa ife tili m'makomiti a sukulu, a mjigo, a banki m'khonde. Tikambirane moona mtima: mlamu wanu atabwera ndi ndowa ija usiku, mkazi wanu akuona, mungamuyankhe mawu otani?