Magetsi a kumwezi, mdima wa kwathu



Dzulo nditaswali Isha ndinakhala pafupi ndi chigafa cha fodya kwathu kuno ku Kasungu, mudzi wonse uli bii, mwezi wokha uli mbee. Mwezi womwewu, umene timausakasaka pa Ramadhan, a NASA akufuna kukaikako kamakina ka nyukiliya kopanga magetsi. Chifukwa chake n'chomveka: usiku wa kumeneko umatenga pafupifupi masiku 14, sola payokha singakwanitse. Mu 2018 anayesa kamakina kotere ku Nevada, dzina lake KRUSTY, koyendera yureniyamu, ndipo kanagwira ntchito.

Yureniyamu, anzanga! Yemwe uja anayamba kukumbidwa ku Kayelekera mu 2009. Sindikuti wathuyo ndi amene adzapite kumwezi ayi, koma mumtima ndinati iyi ndi israf basi: kukawalitsa kopanda munthu, mng'ono wanga akuwerengera mayeso pa tochi.

Kenako ndinadzigwira. Kasola komwe ndimatchajira foni kanakulira ku ntchito za mumlengalenga zomwezo. Setilaiti ya Vanguard 1 inali kale ndi sola mu 1958. Ndiye ndinyoze bwanji chitsime chomwe ndikumwapo? Nzeru anapereka ndi Allah, kufufuza chilengedwe chake si haramu.

Chimene chikundisowetsabe tulo ndi amana. Zinyalala za nyukiliya zimakhala zoopsa zaka masauzande. Ndipo ine woloza chalane, ndathandiza bambo anga kugwetsa misuku ndi mitondo ya kuno pofuna milimo ya zigafa, osabzalapo ngakhale umodzi.

Inu mukuti bwanji, ndi israf kapena ayi?