Kodi Diso la Wojambula Lingakhale ndi Mlandu?

Anthu ambiri amaganiza kuti wojambula mapiri, mitsinje ndi mitengo salakwira munthu, popeza amangoyang'ana, natenga utoto, nasiya dziko monga analipezera. Moyo wa Thomas Baines ukutikakamiza kulingaliranso ganizo limeneli.

Baines anabadwira ku King's Lynn, ku England, m'chaka cha 1820, ndipo anafika ku Cape Town mu 1842. Pa ulendo ankajambula mofulumira ndi pensulo ndi utoto wa madzi, womwe suchedwa kuuma. Zithunzi zikuluzikulu za utoto wa mafuta, zofuna nthawi ndi kudekha, ankazikonza atakhazikika. Mu 1858 analowa m'gulu la David Livingstone lofufuza mtsinje wa Zambezi, ali wojambula komanso wosunga katundu. Anajambula mzinda wa Tete ndi madera ozungulira, koma chaka chotsatira anachotsedwa ntchito pomuganizira kuti waba katundu, mlandu womwe iye anaukana mpaka imfa yake. Mu 1862 anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya pamodzi ndi James Chapman, ndipo zithunzi zake za mathithiwo zinasindikizidwa ku London mu 1865.

Luso lake palibe angalikane. Milambe imene anaijambula ku Nxai Pan, m'dziko la Botswana, ikadalipo, ndipo oifananiza ndi chithunzi chake amapeza kuti yasintha pang'ono chabe. Diso lake silinali lonama.

Komatu kunena zoona sikufafaniza funso lakuti zoonazo zikupita kwa yani. Zithunzizo zinapita kwa anthu a ku Britain, ndipo mathithi amene anali kale ndi dzina anafalikira ndi dzina la mfumukazi Victoria, lomwe Livingstone anawapatsa mu 1855. Chithunzi chimaika malire pa dziko, nichiliika m'manja mwa woonerayo. Chimene maso azolowera kuchiona pakhoma, mtima suchedwa kuchiyesa chake. Baines mwiniyo, atatha zaka zojambula, anakapempha kwa Lobengula, mfumu ya Amandebele, chilolezo chofufuza golide m'malo mwa kampani ina. Dzanja logwira burashi ndi lomwelo linalozera kumene kuli miyala ya mtengo wapatali.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Iwo ankatanthauza nzeru yothandiza, koma kalumo kometa bwino n'komwenso kamacheka. Tikamuweruza Baines ngati wolanda dziko, tim'senzetsa katundu wa boma lonse la atsamunda, pomwe iye anamwalira wosauka ku Durban mu 1875. Tikamumasula chifukwa cha kukongola kwa ntchito yake, tikhala tavomereza kuti luso lilibe udindo.

Chotsalira n'kuona zithunzizo ndi maso awiri. Ndi umboni wa mmene Zambezi analili damu la Cahora Bassa lisanamize mathithi a Kebrabasa, ndipo umboni wotere ndi wathunso. Koma poziyang'ana tizifunsa kuti wojambulayo anaima pamalo a yani, ndiponso anam'palasira bwato ndani kuti afike pamenepo.