Anaphana Cuma Asanacione

Pali funso limene liyenera kulingaliridwa ndi ife tonse, akulu a mpingo ndi a m'kalasi omwe, ndilo ili: kodi anthu amene agwirizana cifukwa ca cuma cokha angathe kukhulupirirana kufikira cimariziro? Ambiri ayesa kuti abwenzi amayambana pa tsiku logawana, cuma ciri poyera pa mphasa. Koma ine nditi ciwembu cimabadwa kale, cuma cisanaoneke. Ndipo ndifuna kutsimikiza mau awa ndi mbiri ya anthu a ku Spain amene anatsika ndi mtsinje wa Amazon, ku South America, m'zaka za 1560 ndi 1561.

Ciyambi ca nkhaniyi ndico mwambo wa anthu a mtundu wa Muisca, okhala m'mapiri a dziko limene lero lichedwa Colombia. Kunamveka kuti polonga mfumu yatsopano anthuwo anali kuidzoza zomata thupi lonse, naiwaza pfumbi la golidi, naikweza m'bwato la mabango kumka nayo pakati pa nyanja yaing'ono ya Guatavita; pomwepo inaponya m'madzi zinthu za golidi ndi miyala ya mtengo wapatali, zikhale nsembe. A ku Spain anamucha munthuyo El Dorado, ndiko kunena wokutidwa ndi golidi. Tsono mbiri ikayenda inenepa. Munthu mmodzi anasanduka mudzi, mudzi unasanduka dziko. Ndipo pamene analifuna kumapiri osalipeza, anati liri kunsi, m'nkhalango za kum'mawa. Cinthu cimene kulibe sicisowa pobisala.

Kazembe wamkuru wa mfumu ya Spain ku Peru anapatsa ulendo wokafuna dzikolo kwa Pedro de Ursúa. Olemba mbiri ambiri ati kazembeyo anakondwera kucotsa m'dziko asilikari osowa nchito, otsala pa nkhondo zapaciweniweni, amene anali kumbvuta. Ananyamuka m'mwezi wa September 1560, a ku Spain ngati 300, pamodzi ndi eni dziko mazana angapo owatengera katundu ndi kuwatumikira. Ngalawa zina zinali zoola, nizisweka poziika m'madzi. Njala inawagwira, miyezi inapita, golidi osaoneka. Ndipo anayamba kung'ung'udza kuti mtsogoleri wao asamala mkazi wokondana naye, Inés de Atienza, koposa ulendo.

Usiku wa pa 1 January 1561 anthu owerengeka analowa pogona Ursúa, namupha ndi malupanga. Pakati pao panali Fernando de Guzmán, mnyamata wa banja lomveka ndi bwenzi la wophedwayo. Ameneyu anamuika akhale mtsogoleri. Pamenepo analemba kalata yodzikanira mlandu, yonena kuti anapha Ursúa cifukwa anali kunyalanyaza nchito ya mfumu. Pakuti anayesa mumtima mwao kuti akakapeza golidi, mfumu idzaiwala mwazi. Yense analemba dzina lace. Koma msilikari wina wacikulire, wotsimphina, dzina lace Lope de Aguirre, polemba dzina lace anaonjezapo liu lakuti traidor, ndiko kunena waciwembu. Anzace anakwiya. Iye anawauza kuti akudzinyenga okha, popeza onse apha kazembe wa mfumu, ndipo onse ali aciwembu monga iye.

Apa tiime pang'ono. Munthu woipa koposa onse pa ulendowo ndiye yekha ananena zoona tsiku lija, ndipo ici cindicititsa mantha. Enawo anafuna phindu la ciwembu popanda dzina lace. Anafuna kudya nyama ya fisi nacha mbuzi. Aguirre anaona cimene iwo anabisira mitima yao, kuti kuyambira usiku uja palibe wina wa iwo anali mfulu. Cowamanga pamodzi poyamba cinali ciyembekezo ca gawo. Tsopano cinali mwazi umene anadziwirana. Tikumbuke abale ace a Yosefe, amene anasunga cinsinsi cimodzi zaka zambiri, namayang'anana ndi mantha pamene mabvuto anawagwera ku Aigupto.

Wina adzati, Nanga si anthu amapita pamodzi ku uzimba, nagawana nyama mwamtendere? Inde, koma taonani kusiyana kwace. A ku uzimba ndiwo a mudzi umodzi, anali abale asanapite, ndipo adzakhala abale pobwera, ngakhale abwere manja lende. Mwambo wa magawidwe udziwika kale, ndi gawo la woyamba kulasa, ndi la mwini dziko. Ubale ndiwo ubala uzimba. Koma anthu a Ursúa analibe cina cowalumikiza koma golidi, ndipo m'cigwirizano cotere mnzako ali ndi nkhope ziwiri: lero ndiye dzanja lokuthandiza kupalasa, mawa ndiye pakamwa pocepsa gawo lako. Safunika kukhala mfiti kuti awerenge cotero. Ciwerengero cidziwerenga cokha mumtima. Ndipo cuma cosaoneka ciposa cooneka kuipa kwace, pakuti cooneka ciri ndi malire, ungathe kuciyesa nuti, Ici sicifikana ndi moyo wa munthu. Koma ca m'maganizo cikula usiku uli wonse, kufikira palibe mlandu umene uoneka waukuru pambali pace.

Zotsatira zinadza msanga. Aguirre mwini sanakhulupirire za El Dorado. Iye anafuna kubwerera ku Peru kukalanda cuma ca kumeneko ndi nkhondo, nakopa anzace. M'mwezi wa March anakana poyera ufumu wa Philip II, namucha Guzmán kalonga wa Peru. Mnyamatayo anakondwera ndi ulemu, anthu nampsompsona dzanja. Koma m'mwezi wa May anaphedwa ndi anthu a Aguirre, atakhala kalonga miyezi iwiri. Inés anaphedwa, wansembe Alonso de Henao anaphedwa, ndi ambiri a iwo amene anagwira lupanga usiku wa January anatsata njira yomweyo mmodzi mmodzi. Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Koma yense wa iwo poona mnzace alikupotoledwa khosi anakhala cete, nayesa kuti kukhala cete kudzamgulira moyo.

Pali ciwembu cina cimene owerenga mbiriyi acilumpha kawirikawiri. Eni dziko aja otenga katundu sanalonjezedwe gawo liri lonse. Ambiri anafa ndi njala ndi nchito. Ndipo poyandikira nyanja yaikuru, malo atacepa m'ngalawa, Aguirre anatsitsa ambiri a iwo pagombe, pakati pa anthu acilendo, kutali ndi kwao, nawasiya alikulira. Maina a akazembe ophedwa tiwadziwa. Maina a awa sitiwamva. Ine ndiyesa kuti anthu amene anaphunzira kuyesa onyamula katundu ngati zipangizo sanabvutike kuphunzira kuyesana okha cimodzimodzi.

Ena apeputsa nkhani yonse ndi kunena kuti Aguirre anali wamisala, ndipo za wamisala sizitiphunzitsa kanthu. Sindibvomereza. Munthu mmodzi wopunduka mwendo sangathe kupha anthu makumi ambiri pakati pa asilikari a mfuti, akapanda manja omthandiza. Manjawo anali a anthu wamba, obatizidwa, odziwa kupemphera, amene anabvomera coipa coyamba cifukwa ca gawo, nabvomera zotsalazo cifukwa ca mantha. Ena a iwo, monga Francisco Vázquez, analemba pambuyo pace mbiri ya ulendowo, ndipo mwa iwo tidziwa zambiri. Koma powerenga tisaiwale kuti opulumuka anali ndi cifukwa cosenzetsa wakufa katundu yense.

M'mwezi wa July 1561 anafika pa cisumbu ca Margarita, nalandiridwa ngati alendo obvutika. Ndipo anagwira kazembe wa pamenepo, namupha. Anaoloka kumka ku Venezuela, kumene Aguirre analembera mfumu kalata yoinyoza. Koma akuru a dzikolo anamwaza makalata olonjeza cikhululukiro kwa yense womsiya, ndipo ku Barquisimeto anthu ace anathawa, poyamba mmodzi mmodzi, pambuyo pace unyinji. Iwo amene anapereka Ursúa, napereka Guzmán, anapereka iyenso. Pa 27 October 1561, poona kuti watsala yekha, anapha ndi dzanja lace mwana wace wamkazi Elvira, amene anayenda naye ulendo wonse, ati asagwe m'manja mwa adani. Akani mwana wa Karmi anabisa zofunkha pansi pa hema wace, ndipo ana ace anaonongeka naye. Umbombo sulekeza pa mwini wace. Aguirre anaomberedwa mfuti ndi anthu ace omwe, ndipo kwanenedwa kuti anafulumira kutero kuti angaulule zocita zao pa bwalo.

Nanga golidi wa m'nyanja ija? Ca m'ma 1580 Antonio de Sepúlveda anadula phiri la m'mbali mwace kuti madzi aturuke. Anapeza pang'ono, koma cigwembe cinagumuka nicipha anchito, ndipo iye anafa wosauka. Mpata umene anadula uoneka kufikira lero. Kuciyambi kwa zaka za 1900 kampani ya ku London inaphwetsa nyanjayo, nipeza matope akuya amene anauma ndi dzuwa nakhala ngati mwala; zopezeka sizinabweze ndalama zao. M'caka ca 1969 alimi anatola m'phanga, pafupi ndi Pasca, kabwato ka golidi kosapambana dzanja la munthu kutalika kwace, kokhala ndi mfumu pakati ndi anyamata ace pozungulira. Kasungidwa m'nyumba yoonetsera za golidi ku Bogotá, ndipo anthu amakaona kupyolera pagalasi.