Lachitatu: Ngalawa Imodzi, Abale Awiri

Werengani Mateyu 18:15-17 ndi 1 Akorinto 6:1-8.

Pamene nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, matemba anasowa padoko la Kachulu, koma ngongole za maukonde zinatsala. M'nyengo zotere abale amene anasonkherana ngalawa imodzi amayamba kulozana zala. Bwalo la milandu ku Zomba lingathe kugamula mwini ukonde, koma silingathe kulumikiza ubale woduka. Chifukwa chake Ambuye anatiikira njira: poyamba tikambirane awiri patokha, zikakanika tiitane mboni, potsiriza mpingo. Paulonso akutilangiza kufuna munthu wanzeru pakati pathu wotiyanjanitsa. Madzi anabwerera m'nyanjamo. Koma olekana kukhoti adzapalasanso bwanji ngalawa imodzi?

Funso lolingalira: Kodi tingalole kutaya gawo la phindu lathu kuti tisataye mbale wathu?