Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha

Amene anakulira kumudzi amamudziwa tsokonombwe. Ndi chiwala ndithu, koma chiwala chake chosasiririka: thupi lokhakhala, mtundu ngati chibuma cha dothi, kuuluka ayi. Ukamupeza m'munda nthawi yososa n'kumugunda ndi kamtengo, amadumpha kamodzi basi, kenako n'kukhala duu ngati wayiwala kumene amapita. Tili ana tinkatopa naye n'kumusiya. Pobwera kotunga madzi, tsokonombwe uja palibe, wafika kale kutsidya kwa mizere.

Makolo ataona zimenezi anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tanthauzo lake n'losabisika: ntchito yaikulu imatha pang'onopang'ono, bola osaleka. Koma ine mwambiwu umandilowa kwambiri ndikaganiza za anthu aluso ogwira ntchito paokha, monga olemba mabuku, opeka nyimbo ndi osema ziboliboli. Wapaofesi ali ndi bwana womuyang'anira, ndipo malipiro a pakutha pa mwezi amamudzutsa ngakhale thupi likukana. Waluso wodziimira payekha alibe womufunsa kuti lero wafika pati. Akagona tsiku lonse palibe amene adziwe, kupatula mimba yake.

Taonani a Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni anayimba m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zoposa 10, wina akukhwatcha babatoni, chida cha nsambo imodzi chokhoma okha, mnzake akuyimba gitala wa nsambo zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Odutsa ena ankaponya kandalama, ena n'kungodutsa. Mu 2017 anakayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo njira za ku Ulaya zinatseguka. Anthu timakonda kuyamba nkhaniyi pa ndege. Koma nyimbo zimene anavinitsa nazo alendo zinapsa kale padzuwa la mu Lilongwe, m'masiku amene palibe ankawawerengera. Taonaninso Agide, a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930. Nyimbo yawo ya Linny Hoo inawanda pa TikTok atayiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, mwini wake ali m'zaka za m'ma 90.

Apa tichenjere, chifukwa alaliki a chitukuko amaupotoza mwambiwu. Makolo sananene kuti tsokonombwe anamera mapiko, kapena kuti atafika anamuwombera m'manja. Alipo ambiri amene anayimba mpaka imvi dzina lawo osadutsa msika wa kwawo. Chimene mwambi ukulonjeza n'chimodzi chokha: mtunda umatha. Buku limafika tsamba lomaliza, chiboliboli chimachoka pachipika. Zoti chigulidwa kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya mwambi wina.

Ine ndinali ndi kope lachikuto cholimba limene linakhala zaka ziwiri lili ndi masamba atatu olembedwa. Ndinkadikira tchuthi, ndinkadikira kompyuta yabwino, ndipo koposa zonse ndinkadikira tsiku limene mtima udzatenthe kuti ndilembe buku lonse m'masabata awiri. Tchuthi chikafika, ndinkalemba usiku umodzi mpaka tambala woyamba, n'kudzuka mutu ukuwawa, kopelo n'kubwerera pansi pa matiresi. Ndinkafuna kuuluka ngati dzombe pomwe mapiko ndilibe.

Tsopano ndimalemba tsamba limodzi m'mawa, madzi osamba ali pambaula, ana asanadzuke. Limodzi lokha, ngakhale mawu akubwera ngati mvula ya mu Januwale. Ndimasiya dala chiganizo chili pakati kuti mawa ndisayambe n'kuyang'ana pepala loyera. Masiku ena zotulukapo n'zamanyazi, zoti sindingawerengere ngakhale mkazi wanga. Zilibe kanthu, ndidzazikonza ndikadzafika. Magetsi akazima, cholembera sichidziwa.

Chimene chinandivuta kuphunzira ndi kukhala duu kuja. Mwezi wina kunagwa maliro kumudzi, ndipo ndinatha masabata atatu osagwira kope. Kale ndikanati zonse zawonongeka, ine si mlembi, n'kusiya. Koma ndinakumbukira kuti tsokonombwe nthawi yambiri ya ulendo wake amakhala atangokhala, akupinda miyendo. Kupuma sikumubweza m'mbuyo. Chimene sachita ndi kudikira kuti adumphe kawiri pofuna kubweza nthawi yotayika. Nditabwerako kumaliro sindinadzipatse ngongole ya masamba 21. Ndinalemba limodzi, ndipo linali lokhudza mphika wa nyemba umene unapserera kusiwa amayi ali kalikiliki kukangana za nyimbo yoyimba potulutsa bokosi.

Kope lachiwiri latsala masamba ochepa. Mawa popita kokwerera minibasi ndidzere pa okala ndikagule lina.